Mmene Alijebra Anandisamutsira ku Nathenje

Pali zinthu zina zofunika kungokhulupirira zomwe buku lanena n'kusiyira pomwepo. Ine sindinatero, ndipo sabata imodzi yokha inandikwanira kukhumudwitsa ahedi, apongozi ndi mphakati wonse.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi pa Mitundu. Chaka chimenecho ndinali pa maphunziro a ku koleji, aja owerengera kunyumba n'kumangopita kukalemba mayeso. Phunziro lomwe linkandizunguza mutu linali alijebra. Loweruka lililonse ndinkakumana ndi anzanga a Chimwaza, aphunzitsi a ku Nathenje, n'kumayeserera mafunso a mayeso akale.

Mafunso ena anali a zinthu zokula pang'onopang'ono mofanana: thanki ikulandira ndowa zitatu ola lililonse, ndipo ukajambula papepala pamatuluka mzere wowongoka ngati wa m'munda wa fodya. Amenewo sankandivuta. Ovuta anali a zinthu zokula modziwirikiza, ziwiri kubala zinayi, zinayi kubala zisanu ndi zitatu. Mzere wake umayamba chokwawa pansi, kenako n'kudzuka ngati njoka yopondedwa mchira. Funso lina linkati munthu wauza anzake awiri nkhani, mawa lake aliyense wa awiriwo wauzanso awiri, choncho choncho. Pofika tsiku lakhumi, omva nkhaniyo tsiku limenelo lokha ankaposa chikwi.

Ndinawerengera mobwerezabwereza, yankho lomwelo. Koma mtima unakana. Anthu chikwi kuchokera pakamwa pamodzi? A Chimwaza anati ndingoloweza njira yake, popeza wochonga mayeso safunsa za mtima wa munthu. Ine chidwi chinali chitandigwira kale. Ndinafuna kuona ndi maso.

Ndiye ndinaganiza zodzala nkhani yangayanga. Inayenera kukhala yosapweteka munthu: osati maliro, osati mimba, osati ufiti. Ndinasankha yoti boma landisamutsira ku Nathenje (panthawiyo inkaoneka yofatsa ngati nkhosa). Lolemba ndinauza anthu awiri monga mwa buku: a Lufeyo ometa tsitsi pamsika, ndi a Nabanda, apampando a mphakati wathu wa kutchalitchi. Onse ndinawapempha kuti asauze munthu. Ndinadziwa mochedwa kuti mawu amenewo ndi feteleza.

Akazi anga, mayi a Tadala, sindinawauze. Ndinkadziwa kuti andiletsa, ndipo ndinadzinamiza kuti nkhani yake sifika n'kunyumba komwe.

Lachiwiri kunali zii. Lachitatu anandifunsa munthu mmodzi yekha, wogulitsa mayunitsi. Ndinaimbira a Chimwaza monyadira kuti buku lawo lija ndi labodza, nkhani yanga ikuyenda ngati kamba. Iwo anandikumbutsa kuti mzere uja umayamba chokwawa. Sindinamvere. M'malo mwake ndinathirira mbewu yanga pouzanso wakabaza wina amene amandinyamula mvula ikagwa.

Lachinayi ahedi anandiitanira mu ofesi. Anali okhumudwa. Anati zaka zonse tagwirira ntchito limodzi, sanayembekezere kumva za kuchoka kwanga kwa amayi ogulitsa zitumbuwa pageti. Apa ndi pomwe munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinawafunsa kuti awauza ndi anthu angati. Anandiyang'ana modabwa n'kuti aliyense. Ndinangoti kalata sinafike (zomwe zinali zoona ndithu), ndipo ndinatuluka ndikumva kukoma kwa munthu amene mbewu yake yamera.

Lachisanu nditaweruka ndinapeza eni nyumba yathu, a Kaphiri, akuonetsa zipinda namwino wina wachitsikana amene anali atangofika kumene kudzagwira ntchito. Ankagogoda makoma n'kumamuuza kuti denga silidontha. Mayi a Tadala anali pakhonde, foni ili pamiyendo, atakhala mwaulemu woopsa.

Amayi awo, apongozi anga, amakhala ku Nathenje komweko (mfundo imene ndinaiiwaliratu posankha malo). Anali ataimba foni ndi chimwemwe kuti amva zoti mkamwini wawo akubwera kudzakhala hedi. Nyumba anali ataipeza kale pafupi ndi kwawo, ataisesetsa, ndipo amayi anzawo a kutchalitchi onse anali atauzidwa. Buku silinanene kuti nkhani ikamayenda imanenepanso.

“Bambo a Tadala,” anatero akazi anga motsitsa mawu, “ine ndikusamuka nanu kapena ndikutsala? Chifukwa wosamuka amauzidwa.”

Ndinatenga pepala n'kuwajambulira mizere iwiri ija, wowongoka ndi wodzuka. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa kukalipa.

“Ndiye mwapeza kuti buku limanena zoona?”

Ndinavomera.

“Chabwino. Amayi mukawafotokozere nokha, pepala lanulo mutenge.”

Ndinathamangira a Kaphiri asanapite, ndikuwauza kuti sindikusamuka. Anapukusa mutu. Anati anamva kumsika, kuchigayo ndi kumaliro, ndipo namwino uja amulonjeza kale kuti alowa mwezi ukatha. Munthu wamkulu sabweza mawu.

“Inu nokha mukukana, aphunzitsi,” anatero, “koma Mitundu yonse ikuvomera.”

Lamulungu Misa itatha, a mphakati anatiimitsa pansi pa mtengo wa mango. Ndinayesa ndi msonkhano wamba, mpaka nditamva nyimbo yotsanzikana. Panali beseni latsopano, chitenje cha mayi a Tadala, ndi tambala womangidwa miyendo. A Nabanda analankhula misozi ikulengeza, n'kunena kuti ndinawakhulupirira iwo okha ndi chinsinsi chimenechi ndipo anachisunga mmene akanathera. Kenako anandipatsa mpata woti ndilankhule.

Ndinaimirira. Ndinaulula kuti sindikupita kulikonse, kuti ndinkayesa masamu. Poti ndine mphunzitsi, ndinapitiriza kufotokoza za awiri obala anayi, mpaka ndinatola kamtengo n'kujambula padothi. Mayi a Tadala ankayang'ana masamba a mango ngati akuwaona koyamba. Kenako bambo wina wachikulire amene ankamvetsera atagwira khutu anakweza dzanja.

“Tamva, aphunzitsi. Ndiye galimoto yonyamula katundu ibwera liti?”

Beseni ndi chitenje ndinabweza. Mwini tambala anakana kumulandira, akuti kwawo anatsanzikana naye kale.

Ngakhale pamenepo chidwi sichinandithere. Ndinadzitonthoza kuti ngati bodza linafala modziwirikiza, kutsutsa kwake kufalanso chimodzimodzi. Ndinabwerera kwa a Lufeyo ndi kwa wakabaza uja, kuwapempha kuti ulendo uno auze aliyense. Anavomera, koma palibe amene anainyamula. Nkhani yoti munthu akadali pomwe anali ilibe mchere. Ndinaiyendetsa ndekha panjinga, khomo ndi khomo, munthu mmodzi lero, wina mawa. Mzere wowongoka uja ndinaumvetsa ndi ntchafu zanga.

Ulendo wa ku Nathenje ndiwo unandilemera kwambiri. A Chimwaza anandiperekeza, akuti kukandilimbitsa mtima, koma njira yonse ankangoseka. Apongozi anatiyalira mphasa, iwo n'kukhala chapatali atayang'ana kumbali monga mwa ulemu. Ndinafotokoza zonse nditazolika (pepala lija sindinalitulutse). Nditamaliza, apongozi anafunsa a Chimwaza, osati ine.

“Kodi kusukulu kwanuko bodzali amachita kuphunzitsa, kapena akamwiniwa anangoonjezera paokha?”

A Chimwaza anayankha kuti ndinaonjezera. Apongozi anagwedeza mutu ngati anali akuyembekezera yankho lomwelo. Anati kwa amayi anzawo akanena kuti boma lasintha maganizo, chifukwa zoona zakezo sangazikwanitse kufotokoza. Anandipatsa mtedza wa ana, n'kutiuza kuti tiyende bwino.

Mwezi utatha namwino uja analowadi m'nyumba. Ife tinapeza ina yocheperako kuseri kwa chigayo, komwe mbale zimanjenjemera pashelefu injini ikalira. Vuto linali loti njira yopita kumeneko imadutsa pakati pa msika. Katundu yense anali pa ngolo, matiresi pamwamba, ana atakhala pa matiresipo. Anthu amene ndinatha milungu ndikuwauza kuti sindikusamuka anasiya malonda n'kumatibayibitsa. A Lufeyo anatuluka lumo lili m'manja, n'kuuza munthu amene ankamumeta kuti iwo ankadziwa kale, aphunzitsiwa ankangochita manyazi.

Mayeso anabwera. Funso la kudziwirikiza linalipo, la tizilombo tochulukana mu mkaka, ndipo ndinaliyankha osapumira ngati ndikulemba dzina langa. Phunzirolo ndinakhoza bwino kuposa a Chimwaza, amene sanataye nyumba.

Kuti ndinaphunzirapo chiyani, sindikudziwa bwino. Mwina choti chidwi chimafunika kuyesera pa nyemba, osati pa anthu. Koma ndisaname, nthawi zina ndikadutsa pamsika ndimadzifunsabe kuti tsiku lakhumi lija anamvadi anthu angati. Pakatero pamapezeka wina wondigwira dzanja mwansangala, kundifunsa kuti ndabwera liti, nanga ku Nathenje kuli bwanji. Masiku ano ndimangoyankha kuti mvula ikugwa bwino.