Mnyamata Amene Anatisiya

Lolemba

Zonse zakonzeka. Loweruka ndikutenga ana asanu ndi mmodzi a timu yothamanga kupita kusekondale ya kufupi ndi boma. Kumeneko mphunzitsi wina wa ku Amereka anasiyako mwala wokumbukira mwana wasukulu wa kwawo, amene anathamanga mailo yathunthu mphindi zinayi zisanakwane. Ana anga akauone, mwina miyendo ingadzuke.

Zofunika:
- lole ya mpunga (woyendetsa wavomera)
- kalata ya chilolezo cha ulendo ya a tcheyamani a chipani
- wenzulo
- kalata yanga ija yopempha transifa, ndikaiponye ku positi

Miyezi isanu ndi itatu ndili kuno ku Mlare, ndipo pa mpando wanga wachiwiri sipanakhalepo munthu. Ndatopa ndi kudya ndikuyang'ana khoma. Kwathu ku Ntcheu kuli anthu odziwa dzina langa.

M'kalasi ndalongosola ndi mtima wonse: "Mnyamata ameneyu ndi m'bale wanga m'masewera. Anatisiya tonse!" Ana angoti zii. Zawalowa.

Lachiwiri

A NyaGondwe, mayi a nyumba yoyandikana ndi yanga, abwera ndi nkhuku. Agwada pakhomo, maso pansi, n'kundipatsa ulemu wa uphunzitsi m'Chitumbuka chawo. "Phepani chomene, asambizgi." Ndayankha kuti zikomo, sindinatope kwenikweni. Anthu akuno ayamba kuiona ntchito yanga tsopano! Nkhukuyo ndi yonenepa bwino.

Lachitatu

Abambo anayi afika osaitanidwa. Mmodzi pa mpando wachiwiri, atatu pakhonde. Ola lathunthu osanena kanthu, kungousa moyo. Pofuna kuwasangalatsa ndawaonetsa mmene munthu amayambira mpikisano, bondo pansi, mutu wowerama. Mmodzi wapukuta misozi.

A hedi akuti ndipume mpaka Lolemba, ndipo wenzulo isalire pasukulu sabata ino. Ndafunsa chifukwa. "Ulemu, a ticha. Munthu watisiya."

Apa mpamene mutu wanga watseguka. Anatisiya! Ine ndimanena za liwiro, ana akanena kunyumba za maliro.

Lachinayi

Ndayesa kukonza. Ndauza a NyaGondwe kuti mnyamatayo ali moyo. "Enya, ali moyo kwa Chiuta." Ndati ayi, ali ku Amereka. "Kutali konseko? Ndiye simunamuike n'komwe?" Ayamba kulira, ine ndawatonthoza.

Ndapita kwa a tcheyamani za kalata. Akuti za maliro sizifuna kalata, ndipo iwonso apita nawo kukaona chiliza. Ndani angawatsutse a tcheyamani pakhonde pawo? Ndathokoza.

Zafika lero: mpunga lichero lodzaza, nthochi, nkhuni, usipa. Sindinadyepo chonchi chibwerereni kuno. Manyazi akundigwira, koma ndikudya.

Lachisanu

Kwaya ya mpingo ikuyeserera pabwalo lathu lothamangira. Othamanga anga awiri akuimba besi. Anayi enawo makolo akana, akuti ana aang'ono sapita kumanda. Malo awo m'lole atengedwa ndi azimayi.

Mawa ndinena zoona lole isananyamuke. Mawu ake ndalemba papepala.

Loweruka

Sindinanene. Nyimbo inayamba injini isanalire.

Mwala taupeza kumapeto kwa bwalo la mpira. Ndi wa simenti, wolekeza m'mawondo, mbuzi yagona pamthunzi pake. Azimayi akhala pansi mouzungulira, kulira kwayamba. Ana a sekondale atuluka m'zipinda zawo kudzaonerera.

A Kayange, mkulu wa mpingo wodziwa Chingerezi, avala magalasi n'kuwerenga zolembedwa pamwalapo. Awerenganso kachiwiri. Atembenukira anthu n'kulongosola m'Chitumbuka. Kulira kwaduka ngati wailesi yotha mabatire.

A NyaGondwe: "Ali moyo? Sono mwala amuikira wa chani?"

Ndati anathamanga kwambiri.

"Ankathawa vichi?"

Ndati palibe, ankangothamanga basi.

Woyamba kuseka ndi a tcheyamani, ndiye tonse taloledwa. Ena mpaka kugubuduka pa udzu. Pomaliza a Kayange apempherabe, akuti poti tabwera kale, Mulungu amusungire mawondo mnyamatayo kulikonse ali. Ana anga awiri azungulira bwalo kamodzi. Mbuzi ija yadzidzimuka, yawapitirira onse awiri.

Pa positi tadutsa tikuimba. Ndakumbukira kalata ya transifa titafika kale ku Mlare.

Lamulungu

Ndapita kukabweza nkhuku. A NyaGondwe akana, akuti kubweza nkhuku ya chipepeso ndi kuitana maliro enieni. Kenaka akuti: "Ife timati mukulira nokha m'nyumba muja. Nkhope yanu imaoneka choncho kuyambira kale, koma tinalibe poyambira."

Ndathokoza, ndipo nthawi ino ndikudziwa chimene ndikuthokozera.

Timu sinawonjezere liwiro ngakhale pang'ono. Wa ku Amereka uja agone tulo, sitimupeza chaka chino. Ana ayamba kunditcha a Watisiya, ndipo ndikuona kuti dzinali silichoka.

A Kayange akuti abwera masana kudzacheza. Koma mpando wachiwiri uja ukugwedera chikhalireni abambo a Lachitatu aja, mwendo umodzi wafupika. Ndapinda kalata ya transifa kanayi n'kuiika pansi pa mwendowo. Yakwana bwino.