Botolo limodzi la dizilo, Zóbuè mpaka Moatize

Inu oyendetsa chapa, maminibasi athuwa, mwakhala mukukangana pano chiyambire m'mawa, uyu akuti gazolina, uyu akuti dizilo, ngati pali mmodzi mwa inu amene anaikapo banja lake pa botolo la mafuta. Ine ndinaliika. Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope, asadzayambe kutsokomola nkhani ili pakati.

Titabwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi, anzanga anathamangira makasu, ine ndinathamangira zigoba za magalimoto otenthedwa zimene zinali mbwee m'mbali mwa msewu wa Zóbuè. Apa ndatola chitseko, apo ndatola chiwongolero, injini ya dizilo ndinakaifukula m'chulu momwe chiswe chinaiumbira nkhondo yonse, ndipo nditangoipukuta ndi malaya inalira yokha ndisanaipatse kanthu. Mukumva? Injini imeneyo inazolowera njala ngati ife tomwe. Ndinalumikiza zonsezo, galimoto yanga nkubadwa.

Nkhani inali pa akazi anga, a Naphiri. Ndinali pachikamwini kwawo ku Zóbuè, kupalira mbatata ya apongozi, ndipo ndinkafuna kuwatenga chitengwa tidzakhale kuno ku Moatize. Mwini mbumba anali mlongo wawo, alamu anga a Zakeyu, munthu wa galimoto ya gazolina, petulo uja, yoyera mbee, yaliwiro zedi, koma chidakwa. Ikangoona chitunda patali inkayamba kumeza isanachifike, ndipo ngakhale itaima pamthunzi yozimitsa, ukatchera khutu unkaimva ikumwa mobisa. Komabe eni ake ankayenda chifuwa patsogolo, nkumanena kuti mlongo wawo sangapite ndi munthu woyenda pa chigayo.

"Alamu," anatero tsiku lina, "aliyense botolo limodzi, kuchoka pano mpaka Moatize. Mukafika osaonjezera, mlongo wangayu mtengeni. Mukalephera, khasu lanu mukulidziwa pamene limakhala."

Mafuta anatiyezera Che Amadu, Msilamu wa loja, kasitolo kaja, pafupi ndi malire, munthu wosanama ngakhale pa machesi. Anathira yekha m'matanki, namanga zivundikiro ndi ulusi kuti wina asabe nzeru panjira. Anamwalira kale, koma mpaka tsiku lomwalira sanatsutsepo mawu angawa. A Naphiri anakwera yanga kuti akhale maso a kwawo.

A Zakeyu ananyamuka fumbi koboo, akutsazika anthu ndi dzanja. Ine ndinazimitsa injini, chifukwa Zóbuè ndi kumtunda, Moatize ndi kumunsi, ndipo munthu wowotcha mafuta potsetsereka ndi wofunika kumupempherera. Galimoto inatsetsereka, inatsetsereka, maenje a nkhondo aja sitinkagwamo ayi, tinkawadumpha atatuatatu, mbuzi zinkaona ife titadutsa kale nkuyamba kuthawa pambuyo, mthunzi wa galimoto unatsalira mpaka tinachita kuudikira pamlatho, unafika uli wefuwefu. Mukumva? Dontho silinapse.

Pachitunda choyamba ndinatulutsa kansanza kamene Che Amadu anapukutira manja atathira dizilo, ndinakamanga kunsonga kwa nsungwi, nsungwiyo ndinaizika kutsogolo kwa galimoto. Itangonunkhiza, inayamba kukathamangitsa kansanzako, ndipo inakwera chitunda chonse ikuganiza kuti ikapeza pamwamba. Kenako tinakumana ndi chilole cha katundu chikufuka utsi wakuda bii, ine ndinangotsamiritsa yanga kumbuyo kwake, iyo nkumakoka utsi uja, utsi nkumazizira m'mimba mwake, nkubwerera kukhala dizilo, tanki nkudzaza, ulusi wa Che Amadu nkuduka wokha, mafuta nkumatayikira mumsewu, moti pamphambano ya ku Kambulatsitsi mwini chigayo anatithamangira ndi zidebe, ndipo anagaya ndi mafuta amenewo mpaka anthu anakolola. Ndikulumbira pali manda a amayi anga. Gazolina angachite zimenezo?

Alamu anga tinawapeza cha pomwepo, galimoto yawo yasamula kukamwa, botolo lauma gwa. Kutchire sakanapatukira, mabomba okwirira anali asanachotsedwe, ndiye anangoima pakati pa msewu ndi nsapato zawo zowala, thukuta kamukamu. Ndinawapatsa moni mwaulemu, poti ndi alamu.

Tsono pali kanthu kamodzi, ndikanene ndekha musadzakamvere kwa adani anga. Kupitirira pamenepo dziko limayamba kugona, kutsetsereka kumachepa, dzuwa la kumunsi kuno mukulidziwa. Galimoto ija, poti inali itakhuta utsi, inagwidwa ndi tulo ngati munthu wochoka kuphwando. Kuiliza ndikanailiza, koma kuwotcheranji mafuta tili pafupi kupambana? A Naphiri anatsika pang'ono kuti awongole miyendo, ndipo poti manja awo analibe chochita, anawatsamiritsa kumbuyo kwa galimoto. Ine sindinawatume. Ndinangowakumbutsa kuti pachitunda aziweramirako pang'ono, ndi kuti asamayankhule kwambiri, mpweya ungawathere. Anawongola miyendo choncho mpaka tinalowa m'bairro la 25 de Setembro, dera lina la Moatize, dzuwa likupendeka, nsapato zawo zitatsala zingwe zokha.

Anthu anasonkhana. Ndinapopa mafuta m'tanki pamaso pawo, botolo lija linadzaza mpaka pakhosi, otsala ndinagawira amayi a nyali m'bairro monse. Funsani aliyense wa imvi kumeneko.

A Zakeyu anafika m'mawa mwake, atachita kugula gazolina wa m'mabotolo kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Munthu wamkulu, anavula chipewa pamaso pa anthu. "Mwapambana alamu," anatero. "Mawu ndi mawu. Mtengeni."

Mtima wanga unayera. Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse a Naphiri malo omanga nyumba, ndipo ndinawapeza atamanga kale kamtolo kawo, mapazi atakulunga nsanza. Sanandikalipire, sanalire. Anayenda motsimphina mpaka pa galimoto yoyera ija.

"Achimwene, tsegulani chitseko," anatero. "Yanuyi imamwa, koma imayenda yokha."

Zinandipweteka, anzanga, ndipo zikundipwetekabe, chifukwa mkazi ameneyo ndinkamukonda, tinathawira limodzi nkhondo titasenza mphasa imodzi. Koma pa nkhani mukukanganayi musandisokoneze: dizilo ndiye mafuta, ndipo galimoto yosunga mafuta ngati yanga sinayendepo pamsewu umenewu, ngakhale mufunse mpaka ku Benga. Mukuti bwanji sindinakawatsate? Ndinayesa, kawiri konse. Koma kupita ku Zóbuè ndi kokwera, ndipo panalibe wondikankha.