Ndevu zanga za Lenti

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndikuilemba ndekha dala, chifukwa anthu a ku Kapata akamaifotokoza amathiramo mchere wawo. Ine ndine Mbewe, kalipentala. Sukulu ndinalekezera giredi sikisi, ndipo sindipepesa kwa munthu.

Zinayambira kwa alamu anga a Jere, achimwene a mkazi wanga, ophunzitsa ku sekondale. Munthu ameneyo ngakhale popempha madzi akumwa amaponyamo chizungu. Tsikulo tinkakangana kuti filimu ya Yesu yabwino koposa ndi iti.

Iwo amakonda ija ya magazi okhaokha, yolankhula chilankhulo chosadziwika, mawu n'kumalembedwa m'munsi. Ine ndikamafika pa liwu lachiwiri, mzere wathawa kale. Mkazi wanga, amake Tisa, amakonda ija ya mzungu wa maso a buluu, watsitsi ngati wangotuluka mu saluni.

"Zonsezo n'zachabechabe," ndinatero. "Filimu ndi ija anationetsa pansalu kwathu ku Kasenengwa, Yesu akulankhula Chinyanja. Inde, ankatseka pakamwa mawu akupitirirabe, koma tinkamva. Ngakhale iyoyo, manja ake munawaona? Osalala ngati a mwana wakhanda! Kalipentala wanji wopanda ndi chipsera chomwe?"

"Alamu," anatero a Jere akukonza magalasi, "zinthu izi zimafuna sukulu. Inu cinematography mukuidziwa?"

Anthu anaseka. Ine mawuwo ndinawasunga.

Patapita sabata, kumalo kwanga kogwirira ntchito kunabwera Mai Sakala, otsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Akuti parishi ikujambula filimu yakeyake ya Chinyanja, pa foni, kuti idzaonetsedwe pa Pasaka.

"A Mbewe, tikufuna inu. Takambirana ku komiti, ndipo tonse tagwirizana kuti m'parishi muno mulibe wina wa nkhope ngati yanu. Ndevu musamete. Tsitsi nalo lisiyeni."

"Ndevu?"

"Ndevu. Mudzaima pamaso pa Pilato, khamu lonse maso ali pa inu. Komanso mutikhomere mtanda."

Kalipentala, ndevu, Pilato, mtanda. Masamu amenewo safuna sekondale! Ndinangofunsa za mawu oloweza.

"Inu mulibe mawu. Mudzangoima. Ngakhale ku practice musavutike kubwera."

Ndinati zoonadi, pamaso pa Pilato Yesu mwini wake sanalongolole. Ndipo mumtima ndinati, Jere, udzaiona cinematography yakoyo, utakhala pabenchi, mlamu wako wa giredi sikisi ali pansalu.

Ntchito yotere siifuna kubwera ndi fungo la dzulo. Mowa ndinasiya tsiku lomwelo. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, mutu wopendekera kumbali. Mbuzi ya aneba itandidyera repu yense kuseri kwa nyumba, ndinaigwira, n'kuisisita, n'kukaipereka kwa eni ake ndikumwetulira. Anebawo anatseka chitseko ndi mantha.

Kunyumba ndiye ndinanyanya. Madzi ndinkatunga ine. Mbale ndinkatsuka ine. Tsiku lina ndinatenga beseni n'kuwasambitsa mapazi amake Tisa, kuti dzanja lizolowere.

"Atate ake Tisa, mwadwala?"

"Mudzamva nthawi ikakwana, amai."

Anandiyang'ana, n'kundipatsa phazi linalo.

Ndili pakati pa chiyero chimenecho ndinakumana ndi a Jere mumsika. Nawonso anali atasunga tindevu, titatu tokha ngati ta tonde wamng'ono. Ndinati mumtima, eya, Yudasi wapezeka, komiti ili ndi maso. Ndinawagwira paphewa n'kuwauza kuti ndawakhululukira kale. Anangoti, "Pardon?"

Mtanda ndinaupanga ndi chikondi. Ndinasankha paini wouma gwa, wopepuka ngati phesi. Ndinaupala masiku atatu, m'mphepete monse ndinasalaza, pogona phewa ndinasemapo kamphako. Wonyamula ndine, ndidzipwetekerenji?

Tsiku lojambula linali Loweruka m'mawa, paphiri la kuseri kwa Nabvutika. Ndinasamba kawiri ndi sopo wonunkhira, tsitsi ndinadzola mafuta, ndevu ndinapesa, n'kudzikulunga nsalu yoyera ya pabedi. Anzanga onse a mumsika ndinawaitana kuti adzaone. Ndinakwera phirilo ngati sindikuponda pansi.

Mai Sakala atandiona anagwira mutu.

"Mayo ine! A Mbewe, mwachita chiyani? Mwasamba?"

"Nanga ndikanabwera ndi litsiro?"

"Ee! Tinkafuna mubwere mmene mumaonekera masiku onse! Nkhope ija yolusa ili kuti? Vulani chinsalucho, valani ichi."

Anandipatsa saka long'ambika la feteleza ndi tcheni cha njinga.

"Mai, Yesu anavala saka liti?"

"Yesu? Yesu ndi awo apo."

Ndinacheuka. Pansi pa mtengo panali a Jere, mu mkanjo woyera, wigi ya akazi awo ili kumutu, akuvula magalasi. Mtanda wanga unali paphewa pawo, ndipo unawakwana ngati ndinawayeza.

"Alamu!" anakuwa. "Very light! Ndipo ndi wosalala. Ntchito zamanja ndiye mumazitha, ambuye akudalitseni."

"Nanga ine ndine ndani?"

"Inu ndinu Barabasi," anatero Mai Sakala, akundipaka phulusa kumaso. "Chigawenga chija. Simunadziwe?"

Ndinafuna kutsika phiri, koma kunjira kunali kutaima anzanga amene ndinawaitana ndekha, ena atagwira m'mimba, wina atagona pansi ndi phwete. Ndisanaganize, wina anakuwa kuti, "Action!"

Ndinaima pambali pa mlamu wanga, tcheni m'manja, ndikumuyang'ana ndi mkwiyo wa masabata asanu ndi limodzi opanda mowa. Pilato, amene amagulitsa matayala m'tauni, anafunsa khamu kuti amasule ndani. Abale, sindinamvepo anthu akukuwa ndi mtima wonse choncho! "Barabasi! Barabasi!" Anzanga a mumsika, amene sanali n'komwe mufilimu, ndiwo ankatsogolera.

Zigawo zina anazibwereza kasanu, chifukwa Yesu popanda magalasi ankangopunthwa. Changa anajambula kamodzi kokha. Mai Sakala anati sanaonepo acting yotere, akuti maso anga anali a munthu woti atha kupha zenizeni. Lero mukafunsa ku Kapata filimu ya Yesu imene amaikonda, akuuzani kuti ndi yathuyi, ndipo amaibweza pomwe pali nkhope yanga. Ngakhale obwera kudzagula mpando amayamba ndi, "Odi kwa a Barabasi!"

Nditafika kunyumba, phulusa likadali m'makutu, ndinapeza amake Tisa atakhala pakhonde, miyendo atatambasula.

"Inu munkadziwa?"

"Dzina lanu ku komiti ndinapereka ndine."

"Ndiye masabata onsewa osandiuza?"

"Atate ake Tisa, zaka makumi awiri sindinakuonenipo mutanyamula ndowa. Ndikanakuuzani, madzi akanatunga ndani?"

Amuna anzanga, mkazi wako akamakuona ukupusa koma ali phee, dziwa kuti kupusako kukumugwirira ntchito.