Chala cha Madala Loukou

Ku Toumodi kuno palibe dalaivala amene sadaphunzitsidwepo msewu wake womwe ndi Madala Loukou. Akakwera minibasi, mpando wakutsogolo unali wawo basi, ndipo ankawerenga msewu mokuwa kuchokera m'kabuku kothimbirira.

"Kumanzere, kona yakuthwa! Mlatho wamatabwa, chepetsa moto!"

"Madala, mlathowo adaugumula ndikadali kumsana," ndinkatero ine, poti minibasi ya ku Dimbokro ndimayendetsa ndine. "Pano m'patala."

"Tala amatha, mwana iwe. Dzenje ndiye silisamuka!"

Kabukuko adakalemba ali mnyamata, pamene azungu a mpikisano wa magalimoto wa Bandama adawapatsa ganyu yowalondolera njira za m'nkhalango mpikisano usanayambe. Masabata atatu adakwera galimoto ya ku Jeremani ya zitseko ziwiri, ya mipando yachikopa, yosintha yokha magiya, yopangidwira mabwana opita kuphwando. Anthu adaiseka kuti chonenepa chotero chititimira m'matope oyambirira. Koma idathamanga makilomita zikwizikwi, ndipo a Loukou ankaikamba ngati mkazi wawo woyamba.

"Mkatimo mumazizira ngati mumtsuko! Fumbi linkachita kugogoda, ife osatsegula."

Chaka ndi chaka matope ankakula m'nkhani zawo. Poyamba ankalekeza m'mawondo, kenaka m'khosi, mpaka tsiku lina galimotoyo idadutsa kunsi kwa mvuu. Akazi awo, mayi Ahou, amene amakazinga nthochi pa siteji, adangoti, "Chaka chamawa mudzamva kuti ankayendetsa ndi iwo. Munthu woti njinga imamugwetsa!"

Chimene a Loukou ankadana nacho kwambiri ndi kuchedwetsa munthu. Mtima utayamba kuwavuta, ankakana ngakhale kuti tiwaperekeze kuchipatala, ati tingataye ulendo. Ife tinkangoseka, ndipo kusekako kumandiwawa mpaka lero.

Lachinayi lina masana ndidawaona atakhala pansi m'mbali mwa msewu, kutali ndi nyumba, atatsamira mtengo wa mango. Ndidayamba kuponda buleki. Iwo adakweza chala chachikulu m'mwamba n'kugwedeza dzanja kuti ndipitirire. Ndi mwambo wa ampikisano umenewo: galimoto ikakufera panjira koma iwe uli bwino, umakweza chala kuti anzako asaime n'kutaya nthawi. Ndidaimba hutala kawiri, apaulendo adaomba m'manja, wina n'kukuwa pazenera kuti, "Nambala wani, Madala!" Tidadutsa tikuseka.

Pobwerera ndidapeza anthu ataunjikana pamtengo womwewo, atawafunditsa chitenje mpaka kumutu. Madalaivala anayi tidadutsapo tsiku limenelo, ndipo tonse anayi adatikwezera chala. Chipatala chinali mtunda wa mphindi khumi zokha.

Pamaliro ndidagwada pamaso pa mayi Ahou n'kuulula zonse. Adandigwira paphewa.

"Dzuka, mwana wanga. Ukadaima, akadakutukwana mpaka kuchipatala." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma bwenzi lero ndikukumva kutukwanako."

Pa siteji pano pazizira. Timangokweza anthu n'kunyamuka, popanda wotsutsana naye. Masiku ano ndikaona munthu wakhala pansi m'mbali mwa msewu ndimaima, kaya akungopuma, kaya akudya chinangwa chake. Apaulendo amakalipa kuti ndikuwachedwetsa. Ndimawasiya akalipe. Ndimatsika, ndipo sindichokapo mpaka munthuyo ataimirira ndi miyendo yake, ine ndikuona.