Wopambana Asiye Injini

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anali munthu woti ukawafunsa nthawi amayamba ndi kukufotokozera mmene wotchi imagwirira ntchito. N'chifukwa chake dzina lawo lenileni linatayika kalekale, aliyense ankangoti a Ndifotokoze. Eni ake sankakwiya nalo. Ankangokweza chala n'kunena kuti, "Imani kaye, ndifotokoze chifukwa chake dzinali silolondola kwenikweni."

Anali makaniko, ndipo ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Koma matenda awo anali mpikisano wa magalimoto. Osati aja a pa kanema olira ngati udzudzu ayi. Iwo ankafuna magalimoto athu omwewa, otopa, a zitseko zomanga ndi waya, oti akafika pachitunda woyendetsa amayamba kupemphera. Anapempha bwalo lafumbi la kuseri kwa fakitale ya njerwa imene inatsekedwa, analizunguliza matayala akutha, n'kulengeza kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kuzikhala mpikisano wa anthu wamba.

Kulengezako ndiye tinaona nako zakuda. Ukaimika galimoto pamsika, pobwera upeza kapepala pagalasi. Ukapita kometetsa, uwapeza akufotokozera munthu woti sangathawe chifukwa mutu wametedwa mbali imodzi. Pa ukwati wa mwana wanga wamkazi tinalakwitsa kuwapatsa chinkuzamawu kuti alankhule monga amalume ake. Za banja analankhula mphindi ziwiri, za kukula kwa injini yololedwa mphindi makumi awiri, kenako anafunsa mkamwini wanga pamaso pa anthu onse kuti galimoto ya bambo ake ndi ya chaka chanji.

Ine ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ndili ndi kagalimoto kamodzi koyera, ndipo ndi kamene kamatidyetsa pakhomo. Injini yake ndinkaisamala kuposa mano anga. Ndiye atabwera kudzandikopa ndinakanitsitsa.

"Alamu, ine ntchito yanga ndi youza anthu kuti achepetse liwiro."

"N'chifukwa chake tikukufunani. Anthu akaona aphunzitsi m'bwalo adziwa kuti si masewera a zidakwa."

"Nanga ikawonongeka tidya chiyani?"

"Imani kaye, ndifotokoze."

Anafotokoza kuyambira tiyi ali wotentha mpaka ntchentche zinayamba kusambiramo. Mkazi wanga pochotsa makapu anandinong'oneza kuti, "Ingovomerani bambo, apo ayi asamukira konkuno." Ndinavomera pongofuna kuti azipita.

Poyamba malamulo anali anayi okha, patsamba limodzi. Galimoto ikhale ya mtundu umodzi uja wa timagalimoto tating'ono todzaza m'misewu, toti zida zake zimalowana. Ikhale yopitirira zaka makumi awiri. Ibwere yokha pamsewu, osati itakwezedwa pa lole. Woyendetsa amange lamba ndi kuvala helemeti. Tinkazungulira bwalo kakhumi, fumbi lili koboo, anthu akukuwa m'mbali, ndipo ndisabise, ngakhale ine mtima unkagunda mokoma. Wotsiriza nthawi zonse ankakhala a Telala, bambo wofatsa amene injini yawo inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Powadutsa tinkatseka mphuno.

Kenako kunabwera mwini sitolo ya zitsulo. Galimoto yake kunja inali chiphakasa ngati zathu, koma atatsegula boneti tinaona injini yatsopano ili waliwali, mtundu wake wololedwa ndithu. Anatipitirira kawiri konse akuyendetsa ndi dzanja limodzi. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Mwezi wachitatu magalimoto anatsika kuchoka pa khumi ndi awiri kufika pa asanu. Ndani angawotche petulo wake kuti akaperekeze munthu wolemera kokalandira ulemu?

Alamu anatiitanira tonse ku galaja kwawo, anakwera pa mgolo wa oyilo, n'kuwerenga lamulo lachisanu. Wopambana azichotsa injini yake n'kupatsa wotsiriza, iye n'kutenga ya wotsirizayo. Tsiku lomwelo, pabwalo pomwepo, anthu akuona.

"Mwapenga kodi?" anatero wa sitolo uja.

"Sindinapenge. Wobwera ndi injini yodula adziwiretu kuti apita kwawo ndi ya a Telala."

A Telala anangoti, "Ine ndilibe mawu," koma mano onse ali pamtunda.

Wa sitoloyo sitinamuonenso, ndipo magalimoto anabwerera. Masiku amenewo alamu ankayenda ngati ndiwo anatulukira tayala. Chimene anaiwala n'chakuti ife osauka nafenso tili ndi mitu.

Pa mpikisano wotsatira, magalimoto atatu akutsogolo atayandikira mzere womaliza, onse anaponda mabuleki. Anaima mogundizana, magalasi otsitsa, akupatsana ulemu umene sindinauonepo ngakhale kutchalitchi.

"Tsogolani achimwene."

"Ayi, inu ndinu aakulu."

"Ine ndikudikira amayi awa adutse kaye."

Enafe tinafika n'kuima pambuyo pawo, pamzere ngati pachipatala. Alamu ankangodumpha ndi mbendera m'manja, akukuwa kuti wina awoloke. Tili chiimire choncho, a Telala anatulukira mu utsi wawo, anatilambalala tonse osadziwa chimene chikuchitika, n'kuwoloka mzere. Kenako tonse tinazindikira nthawi imodzi kuti tsopano wotsiriza ndiye atenge injini ya a Telala. Mmene tinakanganirana pamzere paja, magalasi a m'mbali anayi anathyoka, ndipo injiniyo inagwera mayi wina wa saluni, amene anawalalatira alamu mpaka mawu kusasa.

Lolemba lake kunatuluka lamulo lachisanu ndi chimodzi: woponda buleki pamalo owongoka omaliza awerengedwa kuti ndiye wapambana. Anthu anayamba kulimbirana kukhala otsiriza kuti alandire injini yabwino, ndiye kunatuluka lina loletsa kuyenda mwaulesi. Wina atafunsa kuti adziwa bwanji kuti munthu akuchitira dala, alamu anati aziyang'ana thukuta. Ndipo ankayang'anadi! Munthu wamkuluwamkulu, wa ana ndi zidzukulu, kumuvula helemeti n'kumugwira pachipumi. Tsamba limodzi lija linasanduka kabuku, ndipo mpikisano wa 2 koloko unkayamba cha m'ma 4, chifukwa ankayamba atiimika padzuwa n'kutiwerengera konse, kuphatikizapo zimene anawerenga mwezi watha.

Injini ya a Telala inayamba kuyendayenda ngati chimfine. Amene ali nayo ankakhala wotsiriza n'kuipatsira wopambana. Itazungulira makomo angapo, a Telala, amene tsopano anali ndi injini yabwino, anatengeka tsiku lina, anapambana, ndipo inabwerera kwa mwini wake. Anaisisita boneti n'kunena kuti anali ataisowa.

Ine ndinali ndi nzeru zanga. Ndinkamaliza wachinayi. Osati wachitatu, chifukwa pamenepo ngozi ili pafupi, koma wachinayi, mwezi ndi mwezi, zaka ziwiri zathunthu. Injini yanga inali chikhalire m'malo mwake, ikulira bwinobwino ngati mphaka wokhuta.

Tsiku la tsoka langa kunali fumbi loti sungaone boneti yako yomwe. Ndinawerenga magalimoto atatu patsogolo panga n'kukhazika mtima pansi. Sindinadziwe kuti pokhota pa kuseri kwa uvuni wa njerwa wina tayala linali litaphulika, ndipo awiri enawo anali atakolana mabampala n'kukalowa m'tchire. Ndikuwoloka mzere ndinangoona alamu akundikupizira mbendera, akudumpha ngati mwana.

"Alamu apambana! Aphunzitsi apambana!"

Nditayang'ana kumbuyo ndinaona utsi wakuda ukubwera pang'onopang'ono, ndipo m'kati mwake a Telala akuimba hutala.

Mmene ndinkatsika n'kuti alamu atakoka kale tcheni chokwezera injini ndi bokosi la masipanala.

"Tsegulani boneti, alamu."

"Sinditsegula."

"Lamulo lachisanu likuti..."

"Lolemba ndili ndi ophunzira asanu ndi mmodzi! Wina ali ndi mayeso Lachitatu! Akayesedwe pa chinthu chotsokomola chija? Mukufuna mlongo wanu adye kabuku kanuko?"

"Imani kaye, ndifotokoze."

"Simufotokoza kanthu! Zaka makumi atatu mwakhala mukufotokoza, makutu anga atopa!"

Aka kanali koyamba kuti munthu awatseke pakamwa. Chala chinatsala m'mwamba. Ine ndinalowa m'galimoto n'kuchoka, ndipo ulendo umenewo ndinathamanga kuposa mmene ndinathamangirapo m'bwalo.

Loweruka lililonse m'mawa alamu ankabwera pageti panga ndi bokosi lawo la masipanala, n'kukhalira pomwepo. Ine ndinayamba kugoneka galimoto kwa mnzanga, n'kumatulukira kuseri ngati wakuba pakhomo panga pomwe. Mkazi wanga anati, "Anthu ouma mitu ndili nawo awiri. Winayo ndinachita kubadwa naye, koma inuyo ndinasankha ndekha, ndiye ndidandaulire ndani?" Pa mpikisano wotsatira sindinapite. Ndinangomva kuti kunabwera magalimoto anayi okha, ndipo wopambana anakana kutsegula boneti, amvekere lamulo la a Ndifotokoze siligwira achibale, ndiye iyeyo limugwire chifukwa chiyani.

Loweruka linalo pageti panalibe munthu. Ndinasangalala, ndisaname. Masana ake ndi pamene tinamva kuti alamu agwa ku galaja, awatengera kuchipatala.

Ndinapita kukawaona nditakonzeka kumva kabuku konse kuyambira tsamba loyamba. Ndinawapeza atachepa pabedi, manja aja amene oyilo sankachoka m'zikhadabo ali mbuu. Ndinakoka mpando.

"Chabwino alamu, ndakhala pansi. Fotokozani."

Anatembenuzira mutu kwa ine. Kenako anati, "Mukakana inu, avomera ndani?"

Ndinadikira zotsatira. Panalibe. Munthu woti ankatha ola lathunthu pofotokoza kamangidwe ka lamba anathera pa mawu anayi, n'kutembenukira kukhoma. Ndinatuluka nditakwiya, chifukwa ndinali nditakonza mayankho a mfundo zawo zonse kupatula imeneyo. Ndinaganiza zodzabweranso Lamlungu kuti tidzakambirane bwino. Anamwalira Lachisanu.

Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndinapita kubwalo ndi tcheni chawo chomwecho. Anthu anali ambiri, ena atangobwera kudzaona ngati mpikisanowo unapita nawo kumanda. Ndinaimika galimoto pakati n'kutsegula boneti. A Telala anabwera akupotokola chipewa m'manja.

"Aphunzitsi, zisiyeni. Eni ake anapita, ine sindingakukakamizeni."

"A Telala, musandiyambe. Munthu mmodzi wandivutitsa kale mokwanira. Tsegulani chiphakasa chanucho!"

Tinasinthana anthu akuonerera, misozi ndi oyilo zikusakanikirana kumaso kwanga. Bambo uja amene anakana kutsegula boneti mwezi wathawo anachoka mwakachetechete, ndipo posakhalitsa tinamva masipanala akulira mbali inayo ya bwalo.

Pano magalimoto ndi khumi ndi anayi. Mpikisano wa 2 koloko umayamba 2 koloko, ndipo zimenezi zimandinyansa kuposa mmene kuchedwa kunkandinyansira. Timangofika, wina n'kugwetsa mbendera, ngati anthu osadziwana. Pakabuka mkangano timatsegula kabuku, aliyense n'kumawerenga mokomera iye mwini, ndipo pamapeto pake tonse timapezeka tikuyang'ana kugeti, ngati alamu atulukira kudzafotokoza.

Mwina mukuganiza kuti injini ya a Telala ndinaipereka kale kwa wina. Ndinkayembekezera zomwezo. Koma patsamba lachisanu ndi chinayi pali lamulo lakuti wotsiriza ndi amene wamaliza maulendo onse khumi, osati wofera panjira, ndipo kwa ine chinthuchi chimafa pa ulendo wachisanu ndi chitatu. Miyezi isanu tsopano! Nditadandaula, a Telala ndi mayi wa saluni anandiuza zimene sindinkadziwa. Lachisanu lililonse mpikisano usanachitike, alamu ankapita kwa amene ali ndi injiniyo, n'kugona pansi pa galimoto masana onse akuinyengerera kuti mawa imalize, munthuyo aichotse pakhomo. Izi zokha ndi zimene sanafotokozere aliyense. Amakaniko atatu ayesa, onse agwetsa manja.

Ophunzira awiri anandithawa. Dzulo ndinali ndi mayi wina wamantha, wongoyamba kumene. Titafika pamphambano ya pamsika galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima, minibasi kumbuyo zikuimba mahutala. Mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Pepani aphunzitsi, ndachotsa phazi msanga pa kilatchi."

"Si inu mayi," ndinatero ndikumasula lamba. "Ndi alamu anga amenewa. Gwirani chiwongolero, ine ndikakankhe."