Tsiku Limene Kompyuta Yanga Inakhazika Pansi a Jafali

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Insaca, pali amayi ena ogulitsa tomato amene moni wawo kwa ine ndi wakuti, "Zikomo, khalani pansi." Ndimaseka nawo, nanga n'kutani. Mawuwo ndi anga ndithu.

Ine ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Nayuchi. Mtendere utabwera ndinabwerera kwathu kuno ndekha, amayi nditawasiya m'manda a ku Malawi. Patapita zaka ndinakaphunzira za kompyuta ku Cuamba, n'kupeza ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina. Anthu ankandilemekeza, koma chapatali. Ankanditchula kuti Mmalawi chifukwa cha kayankhulidwe kanga, ndipo Loweruka ndi Lamlungu zinkatha ndisanayankhule ndi munthu kupatula wogulitsa buledi.

Ndiye tsiku lina Dona Rozina, wapampando wa bungwe la alimi ndi ogulitsa nsomba amene anabwerera kuchokera ku Malawi, anabwera kudzatayipitsa kalata. Anadandaula kuti misonkhano yawo imayamba m'mawa n'kutha dzuwa litapendeka, chifukwa aliyense akaimirira saona pokhalira. Ine, pofuna kuti andiitane penapake, ndinati nditha kupanga pulogalamu yoyeza nthawi ya woyankhula.

Ndinaika kamzere pakompyuta, pamwamba pake kabatani kokoka. Ukakokera kumanja nthawi ikuchuluka, kumanzere ikuchepa. Pofuna kuonetsa nzeru, kamzere kotalika ngati chala ndinakasenzetsa nthawi yoyambira pa sekondi imodzi mpaka maola asanu (musandifunse kuti ndani amayankhula maola asanu, ndinadzamudziwa pambuyo pake). Dona Rozina atabwera kudzayesa, anagwira rato, kachida kolozera kaja, ngati akugwira mpini wa khasu. Ankafuna mphindi khumi. Atakankha pang'ono zinafika mphindi makumi anayi. Atabweza, sekondi imodzi. Atapuma mwamphamvu, maola awiri. Anandiyang'ana n'kunena kuti kanthu kanga n'koterera kuposa mlamba.

Ndinakonza. Ndinadula kamzereko kuti kayambire pa 1 kulekeza pa 60, kabatani kazidumpha nambala imodziimodzi. Zinaoneka zaudongo moti sindinafune kuzidetsa polemba kuti manambalawo ndi a chiyani. Nanga si aliyense adziwa kuti ndi mphindi? Belu ndinalibe, ndiye ndinajambula mawu. Munthu womupempha panalibe, choncho ndinajambula anga, ndi ulemu wonse: "Zikomo, khalani pansi."

Tsono poyesa pulogalamuyo, kukhala wekha m'chipinda kudikira mphindi khumi kuti mawu ako omwe akuuze kukhala pansi, iwe uli kale pansi, n'kowawa. Ndinasintha kuti iziwerenga masekondi, n'cholinga choti ndidzabweze ndikamaliza. Sindinabweze.

Tsiku la msonkhano ndinanyamula kompyuta ya kuofesi ndi sipika yobwereka kupita nazo kukalasi ina ya pasukulu. Anandipatsa mpando kutsogolo, pafupi ndi Dona Rozina, ndipo mtima wanga unayera. Woyamba kuyankhula anali a Jafali, mkulu wa onse, amene ankapalasa njinga ndi dengu la nsomba kuchokera kunyanja ya Amaramba. Dona Rozina anakokera kabatani pa 10, n'kundigwedezera mutu monyadira.

A Jafali anavula chipewa, anakonza kukhosi, nayamba kulonjera akuluakulu. Asanafike n'komwe polonjera azimayi, mawu anga anabangula musipika muja.

"Zikomo, khalani pansi."

A Jafali anayang'ana sipika, kenako ine. Dona Rozina, poganiza kuti dzanja lawo lalakwitsanso, anakokera kabatani mpaka kumapeto, pa 60, n'kuuza mkuluyo kuti tsopano ali ndi ola lathunthu, ayankhule momasuka. A Jafali anayambiranso moni. Anafika pa mawu akuti chaka chimene tinathawa, basi ine musipika: "Zikomo, khalani pansi." Kumbuyo wina anaphulika nako kuseka. Ndinalumphira rato, ndipo m'malo mozimitsa ndinakokera kabatani pa 2. Mawu anga anayamba kubwereza ngati munthu wolodzedwa, mpaka bambo wina anazula chingwe kukhoma.

A Jafali anavala chipewa chawo n'kukhaladi pansi. Anangoti, "Mwanayu wanena katatu. Ndamva."

Pobalalika, Dona Rozina anandikokera pambali. Anandiuza kuti chaka chilichonse pamsonkhano umenewu a Jafali amatchula mayina a anthu amene anathawa nawo limodzi koma sanabwerere, ndipo palibe amene amawadula. Kompyuta ndinainyamula pamutu kubwerera nayo kuofesi, popanda wondiperekeza.

Loweruka lotsatira ndinabwereka njinga kupita ku Amaramba kukapepesa. Ndinawapeza akusoka ukonde. Ndinayamba kufotokoza za masekondi ndi mphindi, iwo anangondilozera chitsa kuti ndikhalepo, n'kufunsa ngati kamakina kaja ndabwera nako. Nditati ayi, anavula chipewa nayamba moni, kwa ine ndekha, kuyambira pachiyambi.

Anayankhula mpaka mthunzi unasamukira mbali ina ya nyumba. Miyendo inachita dzanzi, chitsa chinandilowa m'mafupa, koma sindinagwedezeke. Chapakati pa mayina aja anatchula dzina la amayi anga, ndi mudzi wawo, n'kuwonjeza kuti ankayenda msanga kuposa amuna ngakhale anali ndi mwana kumsana. Sindinkadziwa kuti kuno kuli munthu amene akuwakumbukira. Iwonso sankadziwa kuti mwana wakumsanayo ndi amene wakhala pachitsa. Nditawauza, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza mayina, chifukwa anali asanathe.

Pulogalamu ija ndinaikonza bwinobwino. Pansi pa kamzere ndinalemba MPHINDI ndi zilembo zazikulu, pambali ndinaika kabokosi koti munthu azingolemba nambala ngati kukoka kwamuvuta, ndipo kumapeto kwenikweni ndinawonjezera malo akuti "osadula". Ndi yabwino kwambiri tsopano. Bungwe lija limandiitana kumisonkhano yake chaka chilichonse, ndipo m'kalata yoitanira, imene ndimatayipa ndine ndemwe, Dona Rozina amaonetsetsa kuti ndalembamo kuti ndibwere chimanjamanja.