Mchenga wa Apongozi

Pali amayi ena pamudzi pano amene akandiona ndi tsache amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwada, ndikanakhala iwo ndikanasekanso. Koma popeza aliyense amaikamba nkhaniyi m'mene akufunira, ndati ndiilembe ndekha mwini wake.

Ndinakwatiwa chitengwa kufupi ndi Mkaika. Amuna anga atapita kukagwira ntchito ku Halale, anandisiya kwa makolo awo ndili ndi mwana wakumsana, Esinati. Apongozi anga aamuna ndiwo aphunzitsi a sukulu ya mpingo pamudzipa. Kalata ya amuna anga ikabwera ankaiwerenga ndi iwowo, chifukwa ine sukulu ndinaisiya ndisanathe kulumikiza zilembo. Taganizani: ine ndagwada kuseri kwa nkhokwe, iwo ali pampando akuwerenga ndi mawu a m'tchalitchi kuti, "Ndakusowa, mkazi wanga." (Akafika pamenepo ankatsokomola n'kulumpha mizere ingapo.)

Ndinkafuna kumawerenga ndekha makalata anga. Koma munthu sulankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso, choncho ndinapempha kudzera mwa apongozi aakazi kuti sukulu ikatsegulidwa ndizikhala kumbuyo kwa tiana toyamba kumene.

Yankho linabwera Lachisanu kudzera mwa apongozi aakazi omwewo. "Akuti aona. Nyumba ya tiana atha kufolera, ndipo sukulu iyamba Lolemba. Iwo apita kumishoni kukatenga mapepala a zilembo. Akuti mukasalaze pansi, akabwera aone ngati ntchito ya sukulu mungaithe."

Ndinati, "Ndamva, amayi." Sindinamve kanthu.

Nditalowa m'nyumbamo ndinawamvera chisoni amuna onse a dziko lapansi. Mchenga unali mbwee, wofika m'kakolo. Pakona panali phale lodzaza nthangala za bwemba, ngati wina ankadyera momwemo. Pafupi pake panali timitengo tomangidwa m'timitolo ndi luzi. Kwathu tinkaphunzira panja pansi pa mtengo, ndipo mchenga m'nyumba ndinali ndisanauonepo. Mtima unandiuza kuti ndibwerere ndikafunse. Manyazi anati, ukafunsa aziti mpongozi wawo sadziwa ngakhale kusalaza pansi.

Ndinayamba ndi mchenga. Ndinausesa ndi tsache n'kuututa ndi dengu tsiku lonse, mwana ali kumsana, n'kukautaya m'chigwembe kuseri kwa khola. Nthangala ndinakazikhuthula kudzala. Timitengo ndinaona kuti ndi touma bwino, ndipo kutaya nkhuni ndi tchimo, choncho ndinapita nato kunyumba.

Loweruka ndinakakumba mtsiro kudambo. Ndinazira nyumba yonse, n'kuikulungiza ndi nkhulungo mpaka pansi pankawala ngati mphika watsopano. Anaphiri, mnansi wathu, anasuzumira pakhomo ali ndi mtsuko pamutu.

"Mwazira sukulu, amake Esinati?"

"Ee, ndazira."

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anati, "Mwalimbikira," napita msangamsanga, madzi akutayika. (Ndinkayesa ndi nsanje.)

Lolemba m'mawa anamenya khasu lakale limene limakhala belu lathu. Tiana tinabwera titadzola mafuta, tina tikulira, amawo akutikoka. Ine ndinaima pambali pa nyumba nditavala nsalu yanga yopitira kutchalitchi, kudikira kuyamikidwa. Apongozi, amene anabwerako dzulo lake madzulo, anafika ndi mapepala awo kukhwapa. Anaima pakhomo. Anaima nthawi yaitali.

Kundikalipira sakanatha, mwambo sulola. Tsono anayang'ana kudenga n'kulankhula ndi mwana wa kumsana kwanga, amene anali ndi mano awiri okha.

"Esinati, kodi amako mchenga wanga auika kuti?"

Ndinagwada, nkhope nditatembenuzira kukhoma. "Esinati, uwauze agogo ako kuti uli m'chigwembe."

"Nanga nthangala zoti ana aziphunzirira kuwerenga manambala?"

"Uwauze kuti zili kudzala."

"Timitengo tanga tija, ndinatimanga khumi khumi?"

Esinati ankangoyamwa chala, osandithandiza.

"Uwauze," ndinanong'ona, "kuti maungu amene adya dzulo aja ndinaphikira tomweto."

Amayi onse anatembenuka kuyang'ana kutchire, mapewa akugwedezeka. Anaphiri anachita kukhala pansi. Apongozi anapukusa mutu nati, "Ndiye kuti masamu a ana ndadya ndine. Anali okoma, Esinati, zimenezo usawabisire."

Kamnyamata kena kanali katalowa kale m'katimo, kakukanda pansi ndi chala. "Aphunzitsi, pansi pano sipakulembeka."

Pamenepo ndi pamene ndinamva zonse. Masileti ndi ochepa, amagwiritsa ntchito ana aakulu okha. Sileti ya tiana ndi mchenga. Apongozi ndi ana aakuluwo anaututa kumtsinje masiku atatu n'kuusefa ndi lichero. Kusalaza kumene ankanena kunali kungodutsitsa thabwa pamwamba pake, ntchito yoti munthu n'kuimaliza madzi asanawire.

Misozi inayamba kugwera pa mtsiro wanga wokongola uja. Ndinadziwa kuti basi, ndidzakalambira kuseri kwa nkhokwe.

"Esinati," anatero apongozi, "mchenga uja unabwera ndi mitu yambiri. Uwauze amako kuti tsopano ubwera ndi mutu umodzi."

Wa m'chigwembe uja mbuzi zinali zitauipitsa kale, choncho ndinapita kumtsinje. Masiku anayi ndinadutsa pakati pa mudzi ndi dengu pamutu, tiana tikuphunzira panja, aliyense wokumana nane akundifunsa ngati ndatha kuzira. Bwemba ndinakapempha khomo ndi khomo. Timitengo ndinathyola ndekha, ndipo pomanga khumi khumi ndinkawerenga kawiri.

Tsiku lachisanu apongozi analowa, naponda mchenga, nautapa m'manja. Anayang'ananso kudenga.

"Uwauze amako kuti munthu amene watuta mchenga ndi mutu wake sindingamuletse kulembapo. Azikhala kumbuyo uko. Ndipo m'mawa uliwonse azisalaza." Anakweza chala. "Ndi thabwa, Esinati. Thabwa."

Ndinakhala kumbuyoko zaka ziwiri, mawondo akufika m'makutu pakati pa tiana, ndipo zimene mukuwerengazi ndalemba ndi dzanja langa.

Phunziro lake aliyense akuliona: usanagwire tsache, funsa. Ine ndimafunsa ndithu tsopano, koma ndimafunsabe kudzera mwa Esinati. Vuto ndi lakuti mwanayu wakula. Mlungu wathawu ndinamuuza kuti afunse agogo ake ngati mchenga wa chaka chino ausefa kale. Iye anatiyang'ana tonse awiri nati, "Amayi, agogo ali pomwepa, akumva okha."

Apongozi anayang'ana kudenga, ine kukhoma. Mpaka lero sindidziwa ngati mchengawo ndi wosefa.